Valavu Yaikulu Isakhale Chinsinsi Chako

Pa Mishoni, kufupi ndi Nsaru
Lamulungu masana

Gidiyoni mwana wanga,

Ndakhala m'shedi muno pa benchi yodulirapo mapaipi, ndipo amayi ako akuyesa kuti ndikupukuta sipanala zoti utenge. Sipanalazo ndinapukuta kale dzulo. Ndikulemba kalata, chifukwa ine ndimadzidziwa. Ndikati ndikulangize pamaso, mawu amatuluka ngati ndikukalipa, iwe umayang'ana pansi, nkhani nkuthera pomwepo. Ndiibisa pansi pa malaya ako m'bokosi. Ukaiwerenge m'sitima ukachoka pa Salima, pakuti ulendo wa ku Limbe ndi wautali ndipo sudzasowa nthawi.

Ndiyambe ndi chimene pakamwa panga pakhala pakukanika kunena: ndakondwa. Ndakondwa kwambiri moti lero potuluka m'tchalitchi ndauza aliyense amene ndagwirana naye chanza, ngakhale amene ndinawauza kale Lamulungu lapitali. Mwana wa munthu amene anayamba ndi kukumba ngalande waitanidwa ku Mulanje kukayang'anira madzi a nyumba zonse za pa esiteti ya tiyi, kalata yake yolembedwa pa taipi. Amayi ako akuti ndachulutsa matama. Asiye anene, ndiwachulutsabe.

Koma Lachisanu unanena mawu amene andikhalitsa pa benchi pano. Mlongo wako Elube anakufunsa mmene unaletsera mpope wa kusukulu kudontha, iwe nkuseka nkuti, "Ndikakuuza, mawa adzaitana iwe. Nanga ine ndidya chiyani?" Onse anaseka, ine sindinaseke. Maganizo amenewo ndinali nawo ine iwe usanakhale nawo, ndipo anatsala pang'ono kundichotsa ntchito ndi kukutulutsa sukulu uli Sitandade 3. Nkhani imeneyi sunaimvepo yonse. Lero uimve.

Ndikukumbutse mmene madzi athu ankayendera nthawi imeneyo. Injini inkakoka madzi pachitsime cha kudambo nkuwakankhira mu thanki yaikulu pamwamba pa kaphiri, monga lero. Kuchokera pamenepo ankatsika okha m'paipi imodzi: nyumba ya Bwana woyang'anira mishoni kumtunda, kenako chipatala, sukulu, ndipo kumunsi kwenikweni nyumba za aphunzitsi. Kathanki kapakati kamene ukudziwa kunalibe. Anayala mapaipiwo ndi a Jailosi, mmisiri wachikulire amene anaphunzira ntchito ku Halale. Ine ndinali wowakumbira ngalande, ndipo anandikonda chifukwa sindinkataya zida. Maso awo atafooka anabwerera kwawo ku Mpingu, ntchito nkundisiyira.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kunamizira munthu. Nyumba ya a Kamwendo, mphunzitsi wamkulu, ndiyo inali kumunsi kwa zonse, ndipo mpope wa kukhitchini kwawo sunkaleka kudontha. Ndikaika washala watsopano, kamphira kotseka madzi mkati mwa mpope, masabata atatu okha watha. Ine ndinagamula kuti vuto ndi manja a mayi Kamwendo. Tsiku lina ndinatopa nkuwauza kuti, "Amayi, mpopewu si khosi la nkhuku, muzitseka mwaulemu." Mayi aja anandiyang'ana kuyambira kumapazi nkuti, "Abambo a Gidiyoni, kodi kumtunda kwa Bwana amatseka ndi manja a angelo? Bwerani mutseke inu aulemu, timve." Ndinatsegula, madzi anamenya m'ndowa mpaka kundinyowetsa kumaso. Ndinatseka, paipi nkugunda m'khoma, gu, gu, gu. Masana omwewo ndinakwera kwa Bwana kukayesa mpope wawo, ndipo madzi ankatuluka mofatsa, paipi ili chete. Madzi omwewo, paipi yomweyo. Apo ndiye ndinazindikira kuti madzi onse a kumtunda amatsamira pa mpope wakumunsi, ndipo phiri likatalika mphamvu yake imakulanso. Kodi ndinabwerera kukapepesa? Ayi. Ndinali mmisiri ine, ndikanapepesa bwanji kwa munthu wosadziwa kugwira sipanala.

Tsono iwe ukafika ku Mulanje, usakayambe ndi nyumba ya manijala ayi. Ukayambe ndi nyumba yakumunsi kwambiri. Ukatsegule mpope, ukatseke msanga, ukaike khutu pakhoma. Ukafunse mayi wa m'nyumbamo kuti mpope wake umatani, ndipo akamayankha ukakhale chete. Iye amakhala ndi mpopewo tsiku lonse, iwe umangouona ukaitanidwa. Kumbukira kuti kumeneko madzi amatsika phiri lenileni, osati kachulu kathu kano. Zimene zinkandidyera mawashala kuno, kumeneko zidzakung'ambira mapaipi.

Kulakwa kwachiwiri kunabwera chifukwa chodziona wochenjera. Panali kavalavu kakang'ono pa paipi yolowera kunyumba za aphunzitsi. Ndinati basi, ndikatseke theka, mphamvu ichepe. Madzi anayambadi kutuluka mofatsa, ine nkumayenda chifuwa chili patsogolo. Patatha milungu ingapo mipope inayambanso kudontha. Mwana wanga, kutseka valavu theka kumangochepetsa madzi pamene mpope uli wotsegula. Mipope yonse ikatsekedwa, mphamvu imabwerera yonse nkumakankha mwakachetechete. Choipa china, madzi opanikizidwa aja ankadya lilime la kavalavuko tsiku ndi tsiku, moti kanatha mkati ine osadziwa. Valavu yotsekera ntchito yake ndi iwiri basi, kutseguka konse kapena kutsekeka konse. Usakaipatse ntchito yachitatu.

Kulakwa kwachitatu ndiko kwakukulu. Tsiku limene a Jailosi ankachoka, ananditengera kumunsi kwa thanki yaikulu, paja panali mpanda wa nkhadze. Anayang'ana uku ndi uku, nkufukula dothi ndi manja mpaka panaoneka mutu wa chitsulo. Inali valavu yaikulu, yotseka madzi a mishoni yonse. Anandinong'oneza kuti, "Ntchito yako ndi imeneyi. Bwana sakudziwa pamene ili, kalaliki sakudziwa. Tsiku limene adzadziwe wina, iwe udzabwerera kukumba ngalande." Tinakwirira nkuikapo miyala. Kiyi wake, chitsulo chachitali chopingasa kumutu, ndinakamusomeka m'udzu wa denga la nyumba yathu. Sindiwada a Jailosi, chifukwa kumene anaphunzira ntchito munthu wakuda ankachotsedwadi tsiku limene wina wadziwa zimene iye akudziwa. Koma ine ndinameza mawuwo osatafuna. Zaka zitatu zathunthu valavu ija sindinaizungulize nkamodzi komwe, kuopa kuti wina angandione ndikufukula.

Njala yaikulu ija itatha, anthu akadali owonda, malume anga anamwalira ku Kabudula. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Maliro a malume sutumako munthu, ndiye ndinapalasa njinga Lachitatu. Lachinayi m'mawa paipi inaphulika mkati mwa khoma la khitchini ya a Kamwendo. Anathamangira ku kavalavu kaja, anazunguliza mpaka kumapeto, madzi osaleka. Anazimitsa injini, koma thanki inali yodzaza. Bwana ndi amuna onse anabalalika paphiri ndi makasu, kukumba paliponse kufunafuna valavu yaikulu. Anafunsa amayi ako, iwo nkuti sakudziwa, ndipo ankanena zoona. Pomaliza anatuma a Sitefano, wophika wa kuchipatala, kuti andilondole pa njinga. Anandipeza tikunyamuka kupita kumanda. Ndinasiya malume anga asanalowe m'nthaka, ndipo abale a ku Kabudula sanaiwale mpaka lero.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Ndinasolola kiyi padenga amayi ako akuona, ndinakwera phiri anthu onse akunditsata, ndinachotsa miyala nkufukula. Pamenepo ndinali ndidakali ndi kamtima kakuti aone tsopano kufunika kwanga. Ndinalowetsa kiyi, ndinakoka, osasuntha. Dzimbiri la zaka zitatu linali litagwira. Ndinaveka paipi pa chogwirira kuti mkono utalike, tinakoka awiri ndi a Sitefano, ndipo tinangomva kuti thyo! Mutu wa valavu wathyoka. Ndinaima pamenepo kiyi ali m'manja. Madzi anapitirira mpaka thanki inauma. Khoma la a Kamwendo linali la zidina, ndipo linagwa dzuwa lisanalowe. Mwayi wake mayi Kamwendo anali atatulutsa kale ana, koma ufa, zofunda ndi mabuku a aphunzitsi zonse zinali m'matope. Chipatala chinakhala masiku anayi chopanda madzi, amayi akusenza mitsuko kuchokera kudambo kuti odwala amwe. Kugwa kwa khomako ukukumbukira, chifukwa ana nonse munapita kukaonerera. Zimene zinatsatira ndizo sukudziwa.

Anandiitana pamaso pa Bwana, abusa, akulu a mpingo ndi a Kamwendo. Bwana sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Ukanafera ku Kabudula, ife tikanatani?" Anati aitana mmisiri wina ku Lilongwe, ine ndituluke m'nyumba ya mishoni. Zikanatero tikanapita kwa amayi ako ku Nambuma, ine kukakhala mkamwini wa khasu, iwe sukulu nkuthera pomwepo, pakuti kumudzi kuja kunalibe kalasi yoposa imene unalimo. Ndinaona sileti yako m'maganizo mwanga, ndipo ndinagwada, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo pamaso pa munthu. Ndinati, "Ndipatseni mpaka mvula ithe. Mundipatse valavu yatsopano, simenti ndi mpira woyandama wamkuwa. Madzi akadzatayikanso chonchi, ndidzachoka ndekha osadikira kuuzidwa." Abusa anandipempherera chifundo, ndipo anagwirizana kuti adzakhalanso pansi Pasaka akadzapita.

Kunyumba amayi ako sanalire, ndipo zikanakhala bwino akanalira. Anangoyang'ana kudenga nkuti, "Zaka zonsezi chitsulo chija chili pamutu panga, ine osadziwa ntchito yake. Kodi abambo, munkaopa ine kuti ndikulandani ntchito?" Mawu amenewo anandiwawa kuposa a Bwana.

Tsono tamvera mmene bambo wako anadzukira, chifukwa mbali iyi ndimainyadira. Pakati pa phiri ndinamanga kathanki ka njerwa zowotcha ndi simenti. Madzi ochokera kumtunda amagwera mmenemo, amapuma, mphamvu yawo yonse nkuthera pomwepo. Akamatsikira kunyumba za kumunsi amakhala akuyamba ulendo watsopano, wamfupi. Kathankiko kakadzaza, mpira wamkuwa umakwera nkutseka wokha. Tsiku limene ndinatsegulira, ndinathamangira kwa a Kamwendo, amene anali atatchinga khoma lawo ndi udzu. Mpope unatuluka mofatsa ngati wa kwa Bwana, ndinatseka, paipi osagunda. Washala amene ndinaika tsiku limenelo anatha zaka ziwiri. Valavu yaikulu yatsopano sindinaikwirire. Ndinaimangira bokosi la njerwa lofika m'mawondo, chivindikiro chachitsulo, ndipo ndinalipaka laimu kuti lizionekera kumsewu. Nkhadze ndinadula. Kiyi ndinamupachika pa misomali iwiri pakhonde la chipatala, pamene wina aliyense angamufikire. Nyumba iliyonse ndinaiikiranso kavalavu kake panja pa khoma.

Kenako ndinadzifunsa kuti kodi ndani amapezeka pa mishoni nthawi zonse? Amuna amakhala m'kalasi, kumaliro, ku Lilongwe, ena ku Joni. Otsala ndi amayi. Ndinapita kwa abusa kupempha kuti amayi akatuluka msonkhano wawo wa Lachinayi, ndikwere nawo phiri. Akulu ena a mpingo anaseka nkumati mmisiri wathu wasanduka mlaliki wa amayi. Ndinawasiya aseke. Amayi anabwera ndi ana kumbuyo, amayi ako patsogolo, mayi Kamwendo kumapeto atapinda manja pachifuwa. Ndisanagwire kiyi ndinavula chipewa nkuti, "Amayi a kwa aphunzitsi, za khosi la nkhuku zija ndinalakwa. Manja anu analibe mlandu, ndipo khoma lanu ndinagwetsa ndine." Anati, "Mwachedwa nazo, koma tamva. Tiyeni tionetseni chitsulo chanucho." Ndinawaonetsa. Kutseka ndi kumanja, pang'onopang'ono kuti paipi isagunde, kuzunguliza kakhumi ndi kamodzi. Kutsegula ndi kumanzere mpaka kumapeto, kenako kubweza theka kuti isamamatire. Aliyense anagwira kiyi ndi manja ake. Posakhalitsa anayamba kuwerenga moimba monga amachitira pamtondo, ndipo palibe anaiwalanso nambala. Tinapangana kuti Lachinayi loyamba la mwezi uliwonse mayi mmodzi azitseka ndi kutsegula, ine ndizipaka girisi.

Usayese kuti mantha anatha. Nthawi iliyonse ndikaona kiyi m'manja mwa munthu wina, mawu a a Jailosi ankandibwerera. Ndinkaphunzitsa ndikuopa. Ndikukuuza zimenezi kuti nawe ukadzamva manthawo usadzayese kuti ndi nzeru.

Kutatsala sabata imodzi kuti akulu akhale pansi, ndinakwera lole kupita ku Lilongwe kukatenga mapaipi. Tsiku lomwelo ngolo ya ng'ombe inabweretsa njerwa zomangira khoma la a Kamwendo. Pamene paipi yaikulu imadutsa msewu, kumtunda kwa kathanki kanga, mvula inali itakokolola dothi paipi nkukhala pamtunda. Ndinali nditaona, nkumati ndikwirira mawa. Gudumu la ngolo linaiponda nkuithyola pa mazinga polumikizira. Akuti madzi anauluka kupitirira denga la tchalitchi, ng'ombe nkudzidzimuka. Amuna onse anali m'kalasi, Bwana anali atapita kumidzi.

Lole inanditsitsa cha m'ma folo koloko. Ndinaona matope mumsewu ndi paipi yothyoka. Ndinati basi, zatha, Nambuma yandiitana. Ndinasiya mapaipi pomwepo nkuthamanga kukwera phiri. Pa bokosi loyera paja ndinapeza mayi Kamwendo atakhala pa chivindikiro, kiyi ali pamiyendo, amayi ako ali pambali pawo, ena angapo atakhala pa udzu akusenda mtedza ngati palibe chachitika. Mayi Kamwendo anati, "Mukuthamangira chiyani, abambo a Gidiyoni? Kakhumi ndi kamodzi, pang'onopang'ono, ndipo sinagunde. Kwerani mukaone madzi anu." Ndinakwera makwerero a thanki, ndinasuzumira. Madzi anali atatsika mkono umodzi wokha. Ndinafuula ndili pamwamba pomwepo kuti, "Ilipo! Yodzaza!" Amayi aja anaimba nthungululu mpaka ana anatuluka m'kalasi. Ine ndinaseka, misozi ikutsika, ndipo sindinabise nkhope. Paipi ndinailumikiza dzuwa lisanalowe, ndipo odwala kuchipatala sanadziwe nkomwe kuti kunali ngozi.

Pa msonkhano wa akulu uja mkulu wina anaimirira nkuti, "Paipi yathyokanso, ndipo ndi iye sanakwirire. Komanso taona kuti amayi akutha okha. Nanga mmisiriyu wa chiyani?" Zimenezi ndizo a Jailosi ananena. Za kusakwirira ndinavomera pomwepo. Ndiye anaimirira a Kamwendo, munthu amene anali asanandipatse moni kuyambira tsiku la khoma. Anati, "Paipi yathyoka kawiri. Ulendo woyamba ndinataya khoma, ufa ndi mabuku. Ulendo wachiwiri mkazi wanga waswa mbale imodzi imene anaiponya pothamangira kiyi. Amene wasintha zimenezi ndi uyu. Mmisiri wa ku Lilongwe sindikumudziwa, koma uyu ngakhale atachokapo pa mishoni ndimagona mtima uli m'malo. Akhale." Bwana anayang'ana abusa, abusa anagwedeza mutu, nkhani nkutha. Ndinatuluka m'chipindamo ndikumva ngati ndatalika. Lolemba m'mawa unanyamula sileti yako kupita kusukulu ukudandaula kuti phala lachedwa, osadziwa kanthu. Ndinaima pakhomo kukuyang'ana mpaka unakhota pa tchalitchi.

Kuyambira pamenepo andituma kumalo anayi kukamanga timathanki totere ndi mabokosi oyera, ndipo kulikonse ndasiyako anthu odziwa kugwira kiyi. Palibe anandilanda ntchito. Zaka zonsezi kuno sikunagwenso khoma.

Choncho mwana wanga, sabata yoyamba ukapeze valavu yaikulu ya pa esitetipo. Ukaipeza yokwiririka, ukaifukule. Ukaipeza youma, usakaikakamize ndi paipi monga ndinachitira ine. Ukaithire mafuta, ukaisiye tsiku lathunthu, ukaiyese pang'ono uku ndi uku. Ikakana, ukauze manijala tsiku lomwelo kuti pakufunika yatsopano, ngakhale akwinye nkhope. Mwezi uliwonse izizungulizidwa. Nyumba zakumunsi zikamagunda, ukapemphe kathanki kapakati, ndipo usakaleke kupempha. Paipi ukaiona pamtunda, mawa usakalidikire. Za mowa, za tchalitchi ndi za atsikana a ku Mulanje akuuza amayi ako, ndipo ndamva ayamba kale. Ine zanga ndi izi.

Kalata yako yoyamba amayi ako adzafuna kumva ngati ukudya bwino ndiponso ngati bulangete likukwana, chifukwa akuti kumeneko kumazizira. Uwayankhe zonsezo. Koma kumunsi kwake undilembere ine mzere umodzi: maina a anthu amene wawaonetsa valavu yaikulu, amene agwira kiyi ndi manja awo nkutseka iwe utaima pambali. Akakhala osachepera atatu, ndidzaiwerenga kalatayo mokweza pakhonde la tchalitchi, ndipo amayi ako adzatopa nane.

Pita bwino, mmisiri mnzanga. Mulungu akutsogolere.

Ine bambo wako,
Yohane